Kachipangizo koyeza utsi wa galimoto yakale, ndi poizoni amene mphuno siimva

Mukaima kumbuyo kwa galimoto yakale imene yangolizidwa kumene, maso amayabwa ndipo fungo la petulo limatsamwitsa. Ambiri amangoti ndi ukalamba wa galimoto. Koma kawirikawiri vuto si zaka zake ayi. Injiniyo imakhala ikumwa petulo wambiri kuposa mpweya umene ikulandira, ndipo mu utsi wakewo mumakhala poizoni wotchedwa carbon monoxide.

Magalimoto akale monga Volkswagen Beetle, Peugeot 404, ngakhalenso kapikapu ka Nissan 1400 kamene kanapangidwa ku South Africa mpaka 2008, amasakaniza petulo ndi mpweya pogwiritsa ntchito kabureta. M'kabureta mulibe kompyuta. Mpweya ukamathamanga kudutsa pakhosi pake popapatiza, umakoka petulo kudzera m'timabowo ting'onoting'ono totchedwa majeti. Jeti ikakula pang'ono chifukwa cha kutha, choko ikakakamira, kapena fyuluta ya mpweya ikadzaza fumbi, muyezo umasokonekera.

Muyezo wake ndi uwu: kuti kilogalamu imodzi ya petulo ipse bwinobwino, pamafunika makilogalamu 14.7 a mpweya. Ndiye kuti lita imodzi ya petulo imafuna malita pafupifupi 9,000 a mpweya. Mpweya ukachepa, petulo amapsa mwatheka, ndipo apa ndi pamene carbon monoxide amachuluka. Ukachulukitsanso, injini imatentha kwambiri, imatsokomola, mwinanso kuwotcha mavavu.

Amakaniko akale ankatchuna kabureta ndi khutu. Ankapotokola kasikulu n'kumamvetsera kulira kwa injini, kenako n'kumasula mapulagi kuti aone mtundu wake: akada bii ndi mwaye, petulo wachuluka, akayera mbee, wachepa. Luso limeneli si lopeputsa. Vuto lake n'lakuti injini yomwa petulo wochulukirapo imalira mokoma ndipo siizimazima, choncho khutu limakonda kukokera mbali imene ili yoipa ku mapapo a anthu.

N'chifukwa chake okonda magalimoto akale, makamaka ku Britain, America ndi South Africa, amaikamo sensa yoyeza utsi. Si chinthu chachilendo. Kampani ya Bosch ndi imene inaipanga, ndipo Volvo inayamba kuiika m'magalimoto ake mu 1976. Masensa oyambawo ankangonena kuti petulo wachuluka kapena wachepa, osanena kuti ndi wochuluka bwanji. Amene amathandiza potchuna kabureta ndi a mtundu wa wideband, omwe amaonetsa nambala yeniyeni, kuyambira cha m'ma 10 mpaka 20, pa kawotchi kamene mumakaika pafupi ndi chiwongolero.

Kuika kwake si kovuta kwa munthu wodziwa kuwotcherera. Amaboola paipi ya ekizozi pamtunda wa pafupifupi theka la mita kuchokera pa injini, pambuyo pa malo amene mapaipi onse akumana, n'kuwotchererapo kanati kamene sensayo imamangidwapo. Sensa iyenera kulowera chapamwamba kapena cham'mbali mopendekera, osati pansi pa paipi, chifukwa m'mawa muekizozi mumakhala madzi. Nsonga ya sensa imatenthetsedwa ndi magetsi kupitirira madigiri 700, ndipo dontho la madzi ozizira likaigwera imasweka ngati galasi la nyali. Magetsi ake amatengedwa pa waya amene amayaka kiyi akatembenuzidwa basi.

Pali msampha umodzi woti muudziwe. Ngati ekizozi ili ndi kabowo pakati pa injini ndi sensa, mpweya wakunja umalowerapo, ndipo kawotchi kamanama kuti petulo wachepa. Makaniko akakhulupirira zimenezo amawonjezera petulo, utsi n'kuipiraipira. Ndiye musanagule chilichonse, yambani mwatseka mabowo. Petulo wa mtovu nayenso amapha sensa, koma nkhawa imeneyi inatha: mayiko a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara anasiya petulo ameneyu pofika 2006, ndipo dziko lomaliza padziko lonse, Algeria, linasiya mu 2021.

Injini ikatentha, mumawerenga manambala. Galimoto ikamayenda mwakachetechete pamsewu wosalala, kawotchi kayenera kuonetsa cha m'ma 14.5 mpaka 15. Mukaponda moto wonse pamtunda, 12.5 mpaka 13 ndi bwino, popeza petulo wochulukirapoyo amathandiza kuziziritsa injini. Koma mukaona 11 galimoto itangoima ikulira, dziwani kuti mukuwotcha ndalama komanso mukudyetsa anthu poizoni.

Kwathu kuno palinso nkhani ya mapiri. Mukamakwera, mpweya umapepuka. Ku Lilongwe, komwe ndi mamita oposa 1,000 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, lita ya mpweya imakhala ndi okosijeni wochepa ndi gawo pafupifupi limodzi mwa magawo 10 poyerekeza ndi ku Durban kapena ku Beira. Kabureta sadziwa zimenezi, amangopereka petulo monga kale. Galimoto imene inatchunidwa bwino m'mphepete mwa nyanja yamchere imafika kuno ikumwa mopitirira, ndipo ku Dedza zimanyanya.

Kusiyana kwa galimoto yakale ndi yamakono n'kwakukulu. Ku Britain, poyeza magalimoto, yopangidwa pakati pa 1975 ndi 1986 amailola kutulutsa carbon monoxide wofika 4.5 peresenti ya utsi wake, pamene yamakono siloledwa kupitirira 0.3 peresenti. Yamakono ili ndi kompyuta imene imawerenga sensa nthawi zonse, ilinso ndi chosefera utsi mu ekizozi. Yakale ilibe zonsezi, choncho ngakhale mutaitchuna bwino chotani, utsi wake ndi wakupha m'malo otsekeka.

Mwina mukuti galimoto yakale mulibe. Koma kabureta ali pakhomo panu: ali m'jenereta imene mumaliza magetsi akazima, ali m'njinga zamoto zambiri za kabaza, alinso m'mapampu a petulo othiririra kudimba. Bungwe loona za chitetezo cha katundu wogulitsidwa ku America limachenjeza kuti jenereta imodzi yaing'ono ingatulutse carbon monoxide wofanana ndi wa magalimoto mazanamazana. Nayo mbaula ya makala m'chipinda chotseka mawindo mwezi wa Juni imachita zomwezo, pa chifukwa chomwecho: moto wosowa mpweya.

Choopsa cha carbon monoxide n'chakuti alibe mtundu, alibe fungo. Chimene chimakununkhirani kumbuyo kwa galimoto ndi petulo wosapsa, osati iyeyo. Akalowa m'mapapo amakakamira m'magazi mwamphamvu kuposa okosijeni maulendo oposa 200, ndipo ubongo ndi mtima zimayamba kusowa mpweya. Ana aang'ono amapuma mofulumira, choncho amakhudzidwa msanga. Kwa mayi woyembekezera, mwana amene ali m'mimba amasunga poizoniyu nthawi yaitali kuposa mayi ake, moti mayi angaoneke kuti ali bwino mwana ali pangozi.

Inu alangizi a zaumoyo ndi mavolontiya, zizindikiro zake zikhoza kukusokonezani chifukwa zimafanana ndi malungo kapena chimfine: mutu kuwawa, chizungulire, mseru, kusanza, kufooka, kusokonezeka maganizo. Koma thupi silitentha, ndipo malungo akayezedwa sapezeka. Funsani mafunso awiri. Kodi anthu angapo a m'nyumba imodzi, kapena okwera galimoto imodzi, adwala nthawi imodzi? Kodi akumvako bwino akatuluka panja? Akayankha kuti inde, funsani za mbaula, jenereta kapena injini. Musadalire kachipangizo koyeza okosijeni pachala, chifukwa kamalephera kusiyanitsa okosijeni ndi carbon monoxide, ndipo kakhoza kuonetsa 98 munthu ali pafupi kukomoka.

Mukakayikira, mutulutseni wodwalayo panja msanga, zimitsani injini kapena tulutsani mbaula, tsekulani zitseko, ndipo pitani naye kuchipatala kumene kuli okosijeni. Mkaka suchotsa poizoni ameneyu. Munthu akamapuma mpweya wamba, pamatenga maola 4 mpaka 6 kuti theka la poizoniyo lichoke m'magazi. Akapatsidwa okosijeni kuchipatala, zimatenga ola limodzi ndi theka kapena kucheperapo. Woyembekezera, mwana wakhanda ndi aliyense amene anakomoka apite kuchipatala ngakhale akunena kuti wachira.

Kwa bambo kapena mayi amene mukutchuna galimoto kunyumba: itulutseni panja. Kutsekula chitseko cha galaja sikokwanira, ndipo ana okonda kuonerera asaime kumbuyo kwake. Kumbukiraninso kuti sensa ija imayeza za m'paipi, osati mpweya umene muli kupuma m'galimotomo. Ngati pansi pa galimoto pachita dzimbiri mpaka kubooka, kapena ekizozi ikuthera pansi pa bodi m'malo motulukira kunja, utsi umalowa mkati. Ana okhala kumbuyo kwa pikapu yokhala ndi kanope ndi amene amaupuma kwambiri, ndipo mwana wotere akayamba kusinza mwachilendo kapena kusanza paulendo, imani, mumutsitse apume. Jenereta iikeni mamita osachepera 6 kuchokera panyumba, ekizozi yake italoza kutali ndi mawindo ndi zitseko.