Tsiku Limodzi Pamwamba pa Nyika

Kumpoto kwa Malawi, kumene maboma a Rumphi, Chitipa ndi Karonga akomana, kuli phiri lalikulu lotambalala pamwamba pake, dzina lake Nyika. Munthu akalikwera apeza dziko lina la zitunda zaudzu ndi zigwa, loyalidwa kufikira kumene diso lilekeza. Mbali yaikulu ya dzikolo yakwera mamita oposa 2,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo nsonga yake ya Nganda ipitirira mamita 2,600. Omvera a ku Zimbabwe odziwa mapiri a Nyanga angathe kuyerekeza bwino, pakuti Nganda ndi Nyangani asiyana pang'ono chabe msinkhu wao. Omvera a ku Zambia ali ndi gawo lao pomwepo, popeza malire a maiko awiriwa adutsa kumadzulo kwa phirili, nasiyira Zambia kachigawo ka masikweya kilomita ngati 80. Koma msewu wofika kumeneko udzera m'Malawi.

Boma la Malawi linapatula Nyika m'chaka cha 1965 kuti akhale malo osungiramo nyama, oyamba a mtundu wao m'dzikomo, ndipo mu 1978 linawakuza kufikira masikweya kilomita oposa 3,000. Palibe ena oposa amenewa kukula m'Malawi.

Alendo ena amayenda m'malo otere pa chigulu, m'galimoto imodzi ndi anthu osawadziwa, natsata nthawi imene mwini galimoto waika. Ena amasankha ulendo wapadera: banja limodzi kapena mabwenzi awiri atatu abwereka galimoto ndi woyendetsa wake, natenga namulondola wodziwa phirilo, tsiku lonse likhala lao. Mtengo wake ngwolemera, chifukwa palibe ogawana nao. Chimene agula ndi ndalamazo ndicho ufulu wa kuima pamene afuna, kwa nthawi imene afuna. Tsono chodabwitsa nchakuti ambiri, atagula ufuluwo, amautaya okha pofuna kuona zonse dzuwa lisanalowe.

Kulakwa koyamba kumachitika munthu asanakwere nkomwe, powerenga tsikulo kuyambira ku Rumphi. Msewu uchoka pa boma la Rumphi, nudzera ku Bolero kwa Chikulamayembe, nufika pa chipata cha Thazima. Apo mlendo alemba dzina nalipira msonkho wolowera, umene uli wochepa kwa eni dziko kusiyana ndi ochokera kunja. Kuchokera pachipata ulendo ukali theka. Mtunda wonse wofika ku Chelinda, kumene kuli nyumba za alendo pakati pa phiri, uposa makilomita 100, ndipo mbali yake yaikulu ndi ya dothi ndi miyala, yofuna maola atatu kapena anai. Wopita ndi kubwera tsiku lomwelo atha maola asanu ndi awiri ali khale m'galimoto, nafika pamwamba dzuwa lili paliwombo, nthawi imene nyama zagona. Nchifukwa chake odziwa amakwera dzulo lake, nagona ku Chelinda, kuti tsiku la ulendo liyambe ndi mbandakucha wa pamwamba. Ngakhale tero kukwerako sikupanda phindu, pakuti msewu uonetsa mmene dziko lisinthira: kunsi kuli mitengo ya mombo ndi masuku, yonga ya kumudzi kwa aliyense, kenaka mitengoyo ifupika, nichepa, mpaka mwadzidzidzi itha, kutsala udzu ndi thambo.

Galimoto iyenera kukhala yamphamvu ndi yokwera pansi pake, yonga Land Rover, yokhala ndi tayala lina losinthira, ndipo wanzeru amadzaza mafuta ku Mzuzu kapena ku Rumphi. Kamba wa tsiku lonse ndi tiyi wotentha siziiwalika. Chimene anthu a kuchigwa sakhulupirira mpaka atachiona ndicho kuzizira. M'miyezi ya Juni ndi Julayi chisanu chimagwa usiku, udzu nuyera mbuu, ndipo munthu wa ku Nsanje kapena wa ku chigwa cha Luangwa wobwera ndi malaya amodzi sadzaona nyama iliyonse, chifukwa maganizo ake onse adzakhala pa moto.

Za nyengo yabwino yopitira, palibe yankho lokondweretsa onse. M'chilimwe misewu ndi youma, koma nthawi yozizira nyama zambiri zimatsikira kunsi kofunda, ndipo pofika Seputembala ndi Okutobala utsi wa moto wa m'tchire uphimba mapiri akutali. M'dzinja udzu ubiriwira, nyama zichuluka pamwamba, maluwa naphuka, makamaka mu Januwale ndi Febuluwale; koma ndiyonso nthawi ya matope ndi nkhungu. Wofuna maluwa alolere kukankha galimoto.

M'mawa, potuluka m'nyumba, mlendo adzaona kuti Chelinda wazingidwa ndi nkhalango ya mitengo ya paini, yosiyana ndi zomera zonse za phirilo. Mitengoyo ndi yachilendo, kwao ndi ku Mexico. Mu 1949 boma la Britain linatuma Laurens van der Post kudzaona Mulanje ndi Nyika, ndipo iye analemba za ulendowo m'buku lake lotchedwa Venture to the Interior. M'zaka za m'ma 1950 bungwe la Colonial Development Corporation linabzala painiyo poyesa ngati ingakule bwino ndi kupindulitsa. Inakuladi, koma kutalika kwa msewu kunagonjetsa malondawo. Kulephera kumeneko kunali mwai wa Nyika, pakuti ntchitoyo ikadapambana zitunda zonsezi bwenzi zili munda wa mitengo. Ngakhale lero painiyo imafesa ana ake m'udzu, ndipo osunga phiri ali nayo ntchito yoizula.

Kungotuluka m'nkhalangomo nyama ziyamba kuoneka, popeza palibe tchire lozibisa. Mphoyo zimaima m'madambo, mbawala m'mphepete mwa mitengo, njiri zithamanga michira ili njo. Pa zitunda pali mbidzi za mizere yaing'ono yothithikana, za mtundu wotchedwa ndi dzina la Richard Crawshay. Pali nchefu, zazikulu ngati ng'ombe koma zamantha. Ndipo pali chilembwe, nyama ya nkhope yakuda ndi yoyera ndi makutu atali, imene m'maiko ambiri yasowa, koma pa Nyika imaoneka m'magulu. Anyalugwe ndi afisi alipo, koma masana saoneka kawirikawiri.

Apa mpamene namulondola wabwino adziwika. Wosazolowera akaona nchefu amauza woyendetsa kuti afulumire, nchefuzo nizithawa kutsidya kwa chitunda. Wodziwa amayamba waona kumene mphepo ichokera, naimitsa galimoto patali, nazimitsa injini, nauza alendo akhale chete. Pakapita mphindi khumi kapena makumi awiri nyama ziiwala, ziyambanso kudya, mwina kudzadutsa pafupi penipeni. Adziwanso kumene kunapsa posachedwa. Osunga phiri amatentha dala zigawo zina udzu usanaumitse, kuti moto woopsa wa m'chilimwe ukadza upeze pothera. Ndipo pa lupsa pakaphuka msipu, nyama zimasonkhana pomwepo. Mphindi zodikirazo nzimene galimoto ya chigulu singathe kupereka, pakuti nthawi zonse mumakhala wina wotopa.

Dzuwa likakwera alendo ayenera kusankha njira, ndipo njira zazikulu zilipo zitatu. Yakumpoto ipita ku Nganda, kumene pa tsiku loyera munthu aona Nyanja ya Malawi ndi mapiri a ku Tanzania. Yakumwera ipita ku thanthwe la Fingira, limene m'phanga mwake akatswiri anafukula mafupa a anthu ndi zida zamwala za anthu akalekale, ndiponso ku kankhalango ka mitengo ya juniper, yofanana ndi mkungudza, kamene kanatetezedwa kale mu 1948. Zonse ziwirizi nzotalika, ndipo iliyonse imadya tsiku lake lake. Kwa munthu wa tsiku limodzi njira yakumadzulo ndiyo yomkomera, chifukwa m'mtunda wochepa muli madzi, nkhalango ndi malire.

Choyamba pa njirayo ndi thamanda la Kaulime, makilomita ochepa kuchokera ku Chelinda. Madamu a ku Chelinda, m'mene alendo amawedza nsomba za trout, anachita kumangidwa ndi anthu, koma Kaulime ngwachilengedwe. Makolo a kumeneko ankati m'madzimo mukhala njoka yaikulu, ndipo ankabwera ndi nsembe pakasowa mvula. Ena amaseka pomva zimenezi, koma makolowo analoza malo oyenera, pakuti chuma chenicheni cha Nyika ndi madzi. Udzu ndi madambo a pamwamba zimamwa mvula ya dzinja ndi kuitulutsa pang'onopang'ono chaka chonse. North Rukuru, wothirira dziko la Karonga, achokera kuno. Momwemonso North Rumphi, ndi Wovwe amene apukusa makina a magetsi, ndi mitsinje ina yothira mu South Rukuru. Ndipo madzi a mbali ya Zambia atsikira ku Luangwa. Mlimi wa mpunga wa kunyanja, amene sanakwerepo phirili, amadya za phirili tsiku ndi tsiku. Wofuna kuona mphamvu ya madziwo atsike pansi kupita ku mathithi a Chisanga, koma adziwe kuti pobwerera mpokwera.

Kupitirira Kaulime kuli nkhalango zazing'ono zakuda bii, zobisala m'zigwa monga zilumba pakati pa udzu. Zovochipolo ndi imodzi, ndipo Chowo, ya mitengo italiitali, ili mbali ya Zambia. M'menemo muyenera kuyendedwa pansi, pamodzi ndi mlonda wa nyama, ndipo makutu agwira ntchito koposa maso. Pa Nyika panawerengedwa mitundu ya mbalame yoposa 400. Imodzi yoyenera kuifunsa ndi namzeze wakuda wonyezimira, wa mchira wautali, amene amamanga chisa chake m'maenje a pansi m'udzu. Amabwera ndi mvula, akaswa nabwerera kumpoto, ku maiko ozungulira Nyanja ya Victoria. Mbalameyi yachepa m'Afrika monse chifukwa udzu wa m'mapiri ukulimidwa ndi kubzalidwa mitengo. Nyika ndi amodzi a malo ake aakulu otsala, ndipo ku Nyanga nakonso imaswa.

Pa nthawi ya kudya kamba, namulondola akafunsidwa mwaulemu amakamba za anthu. Dzikoli looneka lopanda mwini linali ndi eni ake. Aphoka ndi Atumbuka ankakhala m'mbali mwake, nasaka, nasungunula chitsulo, ndipo ng'anjo zao zadothi zikali chiimire m'malo ena. Pamene malire anakuzidwa mu 1978 midzi yambiri inasamutsidwa, anthu nasiya minda ndi manda a makolo ao. Chilonda chimenecho sichinapole msanga, ndipo mlendo wosadziwa mbiriyi sangamvetse chifukwa chake ena amalowabe mozemba kudzatchera misampha kapena kuyatsa moto. Pofuna kukonza, boma linalola magulu a alimi a njuchi kupachika ming'oma yao m'kati mwa malire. Mu 2015 Malawi ndi Zambia anasainirana pangano losunga pamodzi malo a nyama a m'malire mwao, ndipo mu 2017 njovu 34 zinatengedwa ku Liwonde pa magalimoto kudzaonjezera za pa Nyika.

Pali vuto lina lokhudza mphika. Mwa maluwa a pa Nyika muli mitundu yoposa 200 ya banja la chinaka, limene ku Zambia atcha chikanda. Ina ya mitunduyi ili ndi timbatata pansi, timene amai amasinja ndi kuphika ndi nsinjiro. Kale ankakumba pang'ono, za ndiwo za pakhomo; koma chikanda chitasanduka malonda a m'matauni, okumba anayamba kufika ngakhale m'malo oletsedwa, ndipo pokumbidwa mbatata duwa silimeranso. Mlendo wobwera mu Febuluwale akaona timaenje tatsopano m'dambo, adziwe kuti si nguluwe zokha zimene zinadutsapo.

Dzuwa likapendeka nyama ziyambanso kuyenda, ndipo maola awiri otsiriza ndiwo okoma koposa onse. Ambiri amathera tsiku pa chitunda cha Chosi, pafupi ndi Chelinda, kumene dziko lioneka mbali zonse. Koma namulondola akaloza nkhungu ikukwera m'chigwa nanena kuti nthawi yakwana, mau ake samatsutsidwa, ngakhale ndi mwini ndalama. Nkhungu ya pa Nyika imafika msanga, ndipo ikafika zitunda zonse zifanana, mphambano sizioneka, ndipo woyendetsa aona mapazi ochepa okha patsogolo pa galimoto. Kuchokera pa Chosi kufika pa moto wa ku Chelinda ndi ulendo waufupi kukali koyera. M'nkhungu ndi mumdima utalika kawiri kapena katatu.