Chimene Fomu Yawerengera: Tisunge Chiti, Tisiye Chiti?

Nyengo yokolola ikafika kuno kwa Pembamoyo, ntchito ya khasu imachepa ndipo ya cholembera imachuluka. Alembi a makopaletivu, asungichuma a magulu a alimi ndiponso ophunzira athu amayamba kulemba matumba a chimanga, a nshawa, a soya ndi a mpendadzuwa amene atuluka m'minda. Kale zonsezi zinkalowa m'kope lachikuto cholimba. Masiku ano magulu ena ali ndi kompyuta kapena foni yamakono, ndipo amalemba pa fomu imene imachita yokha masamu: munthu akalowetsa kuchuluka kwa matumba ndi mtengo wake, ndalama zonse zimangotulukira m'kabokosi kapansi.

Apa ndi pamene pamabuka funso limene limasokoneza alembi ambiri. Kodi chiwerengero chimene fomu yawerengeracho chisungidwe, kapena chisiyidwe kuti chidzawerengedwenso tsiku limene chidzafunike? Funsoli limamveka ngati la akatswiri a makompyuta okha, komatu yankho lake likalakwika, msungichuma wosalakwa angathe kutchedwa wakuba pamaso pa gulu lonse.

Fomu ndi khomo, tebulo ndiye nkhokwe

Malo amene kompyuta imasungamo zolembedwa mwadongosolo amatchedwa database, ndipo ife alimi tingawayerekeze ndi nkhokwe. M'kati mwake muli matebulo. Tebulo lililonse lili ndi mizere yopingasa ndi madanga otsika. Mzere umodzi ungaimire katundu amene mlimi mmodzi wabweretsa tsiku limodzi, pamene madanga amasunga dzina lake, tsiku, mtundu wa mbewu, kuchuluka kwa matumba ndi mtengo. Boma nalonso limasunga kaundula wa alimi m'njira yomweyi: amene amalandira feteleza ndi mbewu za FISP amalembedwa mu ZIAMIS, aliyense ndi nambala ya chitupa chake cha NRC.

Fomu ndi khomo lolowetsera zinthu m'nkhokwemo. Chimene ambiri sadziwa ndi chakuti sikuti chilichonse chooneka pa fomu chimalowa m'tebulo. M'pulogalamu ya Microsoft Access, imene maofesi ang'onoang'ono ambiri amagwiritsa ntchito, kabokosi ka pa fomu kamakhala ka mitundu iwiri. Kena kamalumikizidwa ku danga la m'tebulo, ndipo chimene mwalembamo chimasungidwa. Kena kamanyamula lamulo la masamu loyamba ndi chizindikiro cha =, monga lakuti matumba achulukitsidwe ndi mtengo. Kachiwirika kamangoonetsa yankho pagalasi, koma sikalitumiza kulikonse. Mlembi amaona K8,400 pa fomu, mtima n'kukhala m'malo, koma akatsegula tebulo amapeza danga la ndalama lili lopanda kanthu. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Zikatere kompyuta sinawonongeke. Inapangidwa dala kuti izitero, ndipo pali chifukwa chake.

Chimene chingawerengedwenso, musachisunge

M'chaka cha 1970, katswiri wa masamu wa ku kampani ya IBM, Edgar F. Codd, anafalitsa njira yosungira zolembedwa m'matebulo olumikizana, imene ma database ambiri amatsata mpaka lero. Kuchokera pa ntchito yakeyo panakhazikika lamulo lakuti mfundo imodzi izikhala pamalo amodzi okha. Mfundo ikalembedwa pawiri, tsiku lina wina adzakonza pamodzi n'kuiwala penapo, ndipo zolembedwazo zidzayamba kutsutsana.

Tiyerekeze ndi munda. Mlimi wakolola matumba 30 a chimanga olemera makilogalamu 50 lililonse, ndipo akuti munda wake ndi malima awiri. Lima imodzi ndi mamita 50 m'litali ndi 50 m'lifupi, kutanthauza kuti malima anayi amakwana hekitala imodzi. Fomu iwerengera kuti makilogalamu onse ndi 1,500 pa theka la hekitala, choncho zokolola zake ndi makilogalamu 3,000 pa hekitala. Patapita mwezi, alangizi ayeza mundawo ndi GPS n'kupeza kuti ndi malima atatu. Mlembi akonza kukula kwa munda m'tebulo. Ngati 3,000 uja anasungidwa m'danga lakelake, adzakhalabe momwemo, pamene zoona zake ndi 2,000. Lipoti la kumapeto kwa chaka lidzatamanda mbewu imene sinachite bwino chotero, ndipo alimi anzake adzaigula chifukwa cha chiwerengero chakufa. Koma ngati tebulo linasunga matumba, kulemera kwa thumba ndi kukula kwa munda zokha, yankho limakonzeka lokha nthawi imene kukula kwa mundako kwakonzedwa.

Ziweto zimationetsa zomwezo. Mukalemba kuti thole lili ndi miyezi 8, mwezi wamawa mawuwo adzakhala onama. Lembani tsiku limene linabadwa, ndipo msinkhu wake udzawerengedwa molondola tsiku lililonse. Ng'ombe imatenga bere masiku pafupifupi 283, mbuzi pafupifupi 150, ndipo mazira a nkhuku amaswa pa masiku 21. Choyenera kusunga ndi tsiku limene ng'ombe inakweredwa kapena limene nkhuku inayamba kufungatira. Tsiku loyembekezera kubereka ndi masamu chabe.

Chinyezi nachonso chimafuna kusamala komweku. Bungwe la Food Reserve Agency, limene tonse timalitcha FRA, limafuna chimanga chouma kufika pa chinyezi cha 12.5 peresenti. Poyerekeza minda yachitsanzo, monga ya gamphani ndi ya mizere, zokolola zonse ziyenera kuwerengedwa pa chinyezi chofanana. Makilogalamu 1,000 a chimanga cha chinyezi cha 18 peresenti amatsala pafupifupi 937 chikauma kufika pa 12.5, ndiye kuti thumba lathunthu ndi pang'ono linali madzi. Sungani zimene sikelo inaonetsa ndi zimene choyezera chinyezi chinaonetsa, chilichonse m'danga lake. Mukasunga 937 yekha, palibe amene adzathe kutsimikiza kuti masamu anachitika bwino. Chilala cha mu 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza pa 29 February kuti ndi tsoka la dziko lonse, chinasiya alimi akufunsa kuti ndi ulimi uti umene umapirira mvula ikadula. Yankho lodalirika lingachokere m'miyeso yoyambirira yosungidwa bwino chaka ndi chaka.

Chimene munagwirizana, chisungeni

Lamulo lapamwambali lili ndi malire, ndipo amene amalitsata mosaganiza amagwera m'dzenje lina. Pali ziwerengero zimene zinatuluka m'masamu, koma tsiku lomwelo zinasanduka mbiri chifukwa ndalama zinachoka m'dzanja la wina kupita m'dzanja la mnzake.

Mu 2023 FRA inkagula thumba la chimanga la makilogalamu 50 pa K280. Mu 2024 mtengowo unakwera kufika pa K330. Tsopano taganizirani gulu limene tebulo lake lili ndi malo amodzi okha olembapo mtengo wa chimanga, ndipo ndalama za mlimi aliyense zimawerengedwa kuchokera pamenepo. Mlimi amene anagulitsa matumba 30 mu 2023 analandira K8,400. Chaka chotsatira mlembi asintha mtengo kukhala K330, monga ayenera kuchitira. Nthawi yomweyo mizere yonse ya chaka chatha iwerengedwanso, ndipo lipoti lionetsa kuti mlimi uja anayenera kulandira K9,900. Pamsonkhano wa pachaka pabuka funso: K1,500 inapita kuti? Chulukitsani ndi mamembala makumi anayi, muone kukula kwa mlandu umene wagwera msungichuma pa ndalama zimene sizinakhaleko n'komwe.

Mankhwala ake ndi awa. Mtengo wa tsiku logulitsa ukopedwe n'kusungidwa mumzere wa malondawo, pafupi ndi matumba ndi tsiku. Tebulo la mitengo lingasinthe chaka chilichonse, koma mzere wakale usakhudzidwe. Ndalama zimene zinalembedwa pa lisiti ndi kuperekedwa zisungidwenso monga zinalili, makamaka ngati panachotsedwa za mayendedwe, za matumba opanda kanthu kapena ngongole ya mbewu. Malamulo ochotsera zimenezi amasintha, pamene lisiti imene mlimi anaika m'thumba lake siisintha. Ngati pambuyo pake papezeka cholakwika, musafufute chiwerengero chakale. Onjezani mzere watsopano wokonza, wokhala ndi tsiku lake ndi chifukwa chake, kuti wofufuza mabuku aone zonse ziwiri.

Choncho pa danga lililonse dzifunseni funso limodzi: zimene zinabala chiwerengerochi zikasintha mawa, kodi nachonso chiyenera kusintha? Ngati yankho ndi inde, monga zokolola pa hekitala kapena msinkhu wa thole, chisiyeni chiziwerengedwa. Ngati yankho ndi ayi, monga ndalama zimene munthu analandira kapena ngongole imene anasainira, chisungeni.

Chiwerengero chisayende chokha

Chiwerengero chosungidwa chimafuna anzake awiri, muyeso ndi tsiku. Pa 1 January 2013 dziko la Zambia linasintha ndalama zake, K1,000 yakale n'kukhala K1 yatsopano. Thumba la chimanga limene linkalembedwa K65,000 linayamba kulembedwa K65. Tebulo limene lili ndi mitengo ya zaka za mbali zonse ziwiri popanda masiku lingaonetse ngati chimanga chinatsika mtengo kuwirikiza chikwi, ndipo kuphatikiza danga lotero kumatulutsa zopanda tanthauzo.

Miyeso ya kumudzi imabweretsa vuto lofanana. Wina amawerenga ndi meda, wina ndi ndowa, wina ndi ngolo. Ngolo ya chimanga chosatonola siifanana ndi matumba a chotonola, ndipo nshawa zosaswa zimalemera mosiyana ndi zoswa. Minda nayonso ena amaitchula m'malima, ena m'maekala, pamene ekala ndi pafupifupi 0.4 ya hekitala ndipo lima ndi 0.25. Lembani zimene mlimi wanena m'muyeso wake womwewo, muyesowo ukhale ndi danga lake, ndipo kusandutsira ku makilogalamu kapena mahekitala kukhale ntchito ya masamu. Tsiku limene gulu lidzayeza ngolo zake n'kupeza kuti zimanyamula mosiyana ndi mmene linkaganizira, mudzakonza malo amodzi okha.

Mmene zimachitikira pa makina

Mu Access, ziwerengero zoyenera kuwerengedwanso zimaikidwa mu query, limene ndi funso losungidwa lomwe limatenga zolembedwa m'tebulo n'kuchita masamu nthawi iliyonse likatsegulidwa. Malipoti amangidwe pa query yomweyo kuti lamulo la masamu likhale pamalo amodzi. Kuyambira pa Access 2010 palinso danga la m'tebulo limene limadziwerengera lokha kuchokera ku madanga a mumzere womwewo, koma dziwani kuti nalonso limasintha zoyambirazo zikasintha, motero silingagwire ntchito ya lisiti. Chiwerengero chimene mukufuna chikhazikike chimafuna danga wamba m'tebulo, kabokosi kolumikizidwa ku dangalo, ndi lamulo laling'ono pa fomu lolembamo yankho nthawi imene mzere ukusungidwa. Mukatero, tsekani kabokosiko kuti munthu asalembemo ndi dzanja.

Mu Excel, kabokosi kokhala ndi lamulo la masamu kamasintha nthawi zonse. Pofuna kukhazikitsa malipiro a nyengo imene yatha, kopani dangalo ndi kuliikanso ngati ziwerengero zokha, kudzera pa Paste Values. Mafomu a pa foni, monga a KoboToolbox, amachita mosiyana ndi Access: yankho la masamu limatumizidwa pamodzi ndi mayankho ena. Izi zikutanthauza kuti mukatsitsa zolembedwazo ndi kukonza kukula kwa munda mu Excel, danga la zokolola pa hekitala silidzasuntha, ndipo muyenera kuliwerengeranso nokha.

Pa makina alionse, yesani musanadalire. Lowetsani mzere umodzi wongoyesera, tsekani fomu, tsegulani tebulo lenilenilo, muone chimene chalowa. Kenaka sinthani mtengo, muone ngati mzere wakale wagwedezeka.

Kwa amene akali ndi kope

Magulu ambiri kuno alibe kompyuta, ndipo magetsi sapezeka paliponse. Mfundozi zimagwira ntchito m'kope chimodzimodzi. Zoyezedwa ndi zolipidwa zilembedwe ndi inki: tsiku, dzina, matumba, kulemera, mtengo wa tsikulo ndi ndalama zimene zaperekedwa, wolandira n'kusaina. Zowerengera, monga zokolola pa hekitala kapena phindu loyembekezera, zilembedwe ndi pensulo m'danga lakumapeto. Kope lolembedwa motere silivuta kulisamutsira pa kompyuta tsiku limene gulu lidzaipeza.

Inu alembi ndi asungichuma, madepoti asanatsegulidwe chaka chino, khalani pansi ndi komiti yanu, mutenge fomu kapena kope lanu, mudutse danga ndi danga ndi funso lija. Limene liyenera kukhazikika lipatseni malo m'tebulo pamodzi ndi tsiku ndi muyeso wake. Amene mungafune thandizo, bwerani ndi kope lanu kapena fayilo yanu ku ofesi ya maphunziro tsiku lililonse la ntchito, tidzaunikire pamodzi matumba asanayambe kukwera pa sikelo.