Lamba ndi Chingwe: Zisokedwe Zisanaduke

M'chigwa cha Domasi, kumene mtsinje wa Domasi utsika m'mapiri kulinga ku nyanja ya Chilwa, anthu ambiri amayenda pansi kapena panjinga popita ku chipatala cha Domasi, ku St Luke's ku Malosa, ngakhalenso ku msika wa Songani. Pa maulendo otere katundu amadalira lamba wa chikwama, ndipo kunyumba galu amadalira chingwe. Zinthu ziwirizi nzonyozeka, koma kuduka kwake kukhoza kugwetsa banja m'mavuto aakulu.

M'chikwama cha mayi wopita kusikelo mumakhala buku la kuchipatala la mwana ndiponso mankhwala. Lamba akaduka powoloka khwawa m'dzinja, bukulo limanyowa ndipo zolembedwa za katemera ndi kakulidwe ka mwana zimafufutika. Mapiritsi amene anyowa sayeneranso kumwedwa, motero wodwala chifuwa chachikulu kapena amene ali pa ma ARV akhoza kudumphitsa masiku.

Za chingwe cha galu nzoopsa koposa. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO likuti matenda a chiwewe amapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, makamaka mu Africa ndi Asia. Pafupifupi onsewa amatenga matendawa polumidwa ndi galu, ndipo 40 mwa 100 aliwonse ndi ana osafika zaka 15. Zizindikiro zikangooneka, wodwala sachira. Kuno ku Malawi bungwe la Mission Rabies lidayamba kubaya agalu katemera mu mzinda wa Blantyre mu 2015, ndipo ntchitoyi idafikanso ku Zomba. Kuti matendawa aleke kufala, agalu 70 mwa 100 aliwonse ayenera kubayidwa. Komatu galu amene wadula chingwe panjira safika kwa obaya katemera.

Kasokedwe kake

Zofunika ndi singano yaikulu, ulusi wolimba wa nayiloni wonga umene osoka nsapato amagwiritsa ntchito, sizasi ndi kachidutswa ka kandulo. Poyamba lamba achapidwe ndi sopo ndi kuyanikidwa padzuwa, pakuti litsiro ndi chinyezi zimaoletsa nsalu. Kenaka mbali yonse yoperepeseka idulidwe, chifukwa msoko wa pansalu yotha sukhalitsa.

Ngati lambayo ngwa nayiloni, nsonga zake ziwaulidwe pang'ono pamoto kuti ulusi usayoyoke. Ntchito iyi ichitikire panja, kutali ndi ana, popeza nayiloni wosungunuka amaotcha khungu. Ngati ngwa nsalu ya thonje, nsongazo zingopindidwa.

Tsono nsonga ziwirizo zisanjikizidwe kutalika kwa zala zitatu kapena zinayi. Ulusi upakidwe kandulo kuti usapotane, ndipo ukhale wophatikiza pawiri. Wosoka azungulire mbali zonse zinayi za malo osanjikizawo, akumabwerera m'mbuyo pang'ono pa kubaya kulikonse, kenaka asoke mizere iwiri yopingasana kuchokera pangodya kufika pangodya inzake. Msoko wotere umagawa kulemera kwa katundu pamalo ponsepo, mmalo moti kukhale pa mzere umodzi. Pamene lamba wazuka pachikwama penipeni, mkati muikidwe chigamba cha nsalu yokhuthala, monga ya thalauzi lakale, kuti singano ipyole zonse pamodzi. Pomaliza amange mfundo ziwiri, ndipo akoke lambayo mwamphamvu asanamukhulupirire.

Chingwe cha galu chisokedwe chimodzimodzi, makamaka pogwirira ndi polumikizira chomanga m'khosi. Chomanga m'khosicho chisiye mpata wolowa zala ziwiri. Waya sayenera kugwiritsidwa ntchito konse: amacheka khosi, chilonda chimaitana ntchentche, ndipo galu womva ululu sachedwa kuluma. Chingwe chimene chaola paliponse, kapena chimene galu watafuna malo ambiri, chingotayidwa.

Chenjezo kwa wosoka

Singano isagwiridwe ndi milomo kapena kusiyidwa pamphasa pamene ana amakwawa. Pokankha singano pansalu yolimba, chala chitetezedwe ndi kachikopa. Amene wadzibaya atsuke balalo ndi sopo. Ngati nlakuya apite kuchipatala kaamba ka matenda a kafumbata.

Mwambi uja umati walira mvula walira matope. Woweta galu wavomera udindo womudyetsa, kumumanga ndi kumubayitsa chaka ndi chaka, pakuti chingwe sichilowa mmalo mwa katemera. Galu amene wasintha khalidwe mwadzidzidzi, akuchucha dovu kapena akuluma chilichonse, munthu asayese kumumanga. Auze mlangizi wa ziweto ndi a mfumu msanga. Wolumidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale balalo likhale laling'ono.