Kompyuta ya pa mkono yolondera moyo pansi pa madzi

MUNTHU wogwira nchito pansi pa madzi ali ndi adani aŵiri. Woyamba ngwodziŵika kwa aliyense: mpweya wa m'thanki imene wabereka kumsana ukhoza kumthera iye akali pansi. Waciŵiri saoneka ndi maso. Amabisala m'magazi a munthuyo kufikira atatuluka m'madzi, ndipo nthaŵi zina amadikira mpaka munthu afike kunyumba ndi kusamba m'manja kuti adye. Cifukwa ca adani aŵiriŵa, osambira pansi pa madzi a masiku ano amamanga pa mkono kompyuta yaing'ono, yosaposa cikhato ca munthu, imene nchito yake ndi kuwauza kuya kumene afika, nthaŵi imene yawatsalira ndi liŵiro loyenera kukwera nalo.

M'caka ca 2022, kampani ya Shearwater Research ya ku Richmond, pafupi ndi mzinda wa Vancouver m'dziko la Canada, inatulutsa kompyuta yotere yochedwa Perdix 2. Inadza m'malo mwa Perdix ya m'caka ca 2015 ndi Perdix AI ya m'caka ca 2016. Eni makina akaleŵa anafunsa funso lomwe mlimi amafunsa m'sitolo akaona pulawo ya mtundu watsopano: casintha nciani, ndipo kodi yakale ija yatha nchito? Yankho lake liri paŵiri, pakuti zina zimene zinasintha nza thupi la makinawo, pamene zina nza nzeru zolembedwa m'kati mwake. Koma zonsezi sizingamveke popanda kuyamba wadziŵa mdani wa m'magazi uja.

Mdani wa m'magazi

Mpweya umene anthu amapuma ngwosakanizika. Pa magawo 100 alionse, 21 ndi okosijeni, amene thupi limagwiritsa nchito, ndipo 78 ndi naitrojeni, amene amangoloŵa ndi kutuluka. Pansi pa madzi zinthu zimasintha. Madzi ngolemera, cotero pa mamita 10 thupi limapanikizidwa kaŵiri kuposa pamtunda, ndipo pa mamita 30 limapanikizidwa kanai. Kupanikiza kumeneku kumakankhira naitrojeni m'magazi, m'mafuta ndi m'minofu, ndipo munthu akamakhalitsa pansi, mpweyawo umacuruka.

Amene anatsegulapo botolo la cakumwa cozizira mofulumira amadziŵa zimene zimacitika: thobvu limasefukira. Akalitsegula pang'onopang'ono, mpweya umatuluka mwakacetecete. Thupi la wosambira liri ngati botolo limenelo. Akakwera mothamanga, naitrojeni amasanduka tinthobvu m'magazi ndi m'mfundo za mafupa. Ena amangomva kuŵaŵa m'zigongono ndi m'mapeŵa, ena amazizira miyendo osayendanso, ndipo ena amafa. Mankhwala ake enieni ndi kumpatsa wodwala okosijeni ndi kumuika m'cipinda cacitsulo copanikiza mpweya, koma zipinda zotere nzoŵerengeka.

Matendaŵa si a anthu a cuma okha osambira mongosangalala. Ku Honduras, amuna a mtundu wa Miskito akhala akutsikira pansi pa nyanja kambirimbiri pa tsiku kukagwira nkhanu zogulitsa kunja, ambiri a iwo opanda ngakhale cipangizo coyezera kuya, ndipo midzi yawo iri ndi opuwala ambiri. M'caka ca 2021, khoti loona za ufulu wa anthu m'maiko a ku America linagamula mlandu wa anthu 42 a mtunduwu, Boma la Honduras litavomera kuti silinawateteze.

Woyamba kulemba ndondomeko ya kakweredwe koyenera anali John Scott Haldane wa ku Britain, m'caka ca 1908. Kwa zaka zambiri osambira anali kuyenda ndi koloko ndi cikalata ca ziŵerengero. Cikalata cotere cimanena, mwacitsanzo, kuti pa mamita 18 munthu angakhale pafupifupi ola limodzi, koma pa mamita 30 mphindi 20 zokha. Makompyuta oyamba ogulitsidwa kwa anthu wamba, monga Orca Edge, anaoneka m'caka ca 1983. Perdix 2 imatsata masamu a Albert Bühlmann, dokotala wa ku Zürich m'dziko la Switzerland. Masamuŵa amayerekeza thupi ngati nkhokwe 16, zina zodzala ndi kukhuthuka msanga, zina mocedwa, ndipo kompyuta imaŵerengera zonse pamodzi nthaŵi iriyonse munthu ali m'madzi.

Zimene zinasintha pa thupi

Perdix 2 inabwera ndi galasi lolimba kuposa lakale, ndipo mkombero wa galasilo pamodzi ndi mabatani ake aŵiri nza citsulo ca titanium, comwe ncopepuka ndiponso sicicita dzimbiri m'madzi a mcere. Opanga akuti makinawo angapirire kuya kwa mamita 260, kumene ndi anthu oŵerengeka okha pa dziko lonse anafikako ndi thanki kumsana. Izi nzabwino, koma sizimene zingapulumutse munthu wamba.

Kusintha kwa phindu lenileni ndi kacipangizo kakang'ono konjenjemeretsa, konga kaja ka m'foni. Makina akale a Perdix anali kucenjeza ndi malembo ndi mitundu pa galasi basi. Cenjezo lotere limathandiza munthu amene akuyang'ana pa mkono. Koma mmisiri womanga bauti pansi pa mlatho maso ake ali pa sipanala, ndipo m'madzi a matope munthu saona ngakhale dzanja lake. Kompyuta ikanjenjemera pa mkono, uthenga umafika ngakhale maso ali kwina.

Pali kanthu kamodzi kamene wogula ayenera kudziŵa. Perdix 2 imayenda ndi batire imodzi ya AA, ija ya m'wailesi zing'onozing'ono, ndipo mwini wake amaisintha yekha potsegula kacitseko kochingidwa ndi mphira ziŵiri. Uwu ndi mwai kwa amene amagwira nchito kutali ndi magetsi. Koma batire wamba ya m'kantini iribe mphamvu zoyendetsa kacipangizo konjenjemera kaja. Pamafunika ya lithium. Munthu woika batire yochipa adzaona ziŵerengero zonse zikuŵala bwino pa galasi, osadziŵa kuti mlonda wake wakhala bubu.

Pa mdani woyamba uja, wa kutha kwa mpweya, makinaŵa amadalira kacipangizo kena komangirira pa thanki, kamene kamatumiza uthenga ku mkono popanda waya. Kompyuta ikamva kucuruka kwa mpweya wotsala ndi mmene munthu akupumira, imamuuza mphindi zimene angakhalebe pa kuya kumeneko. Perdix 2 imatha kumvera mathanki anai nthaŵi imodzi. Kale zinali kucitika kuti tizipangizo tiŵiri tikalankhula pamodzi, mau ake anali kusokonezana, monga anthu aŵiri olankhula nthaŵi imodzi pa bwalo la mfumu. M'caka ca 2021 kampaniyo inatulutsa kacipangizo kochedwa Swift, kamene kamayamba kamvetsera ngati kanzake kakulankhula, kenaka nkutumiza uthenga wake.

Nzeru zotumizidwa pa foni

Mbali yaciŵiri ndi imene akatswiri amaicha firmware. Aŵa ndi malangizo olembedwa m'kati mwa makina, ouza ziŵalo zake zocita: cimene cionekere pa galasi, nthaŵi yocenjeza, ndi kaŵerengedwe ka masamu a Bühlmann aja. Ng'ombe yapagoli ikaphunzitsidwa mau atsopano imakhala ng'ombe yomweyo, koma kalimidwe kake kamasintha. Ndi mmene firmware iriri.

Shearwater imapereka malangizo atsopanoŵa kwaulere. Mwini makina amaika pulogalamu ya Shearwater Cloud pa foni kapena pa kompyuta ya pa tebulo, nalumikiza makina ake kupyolera mu Bluetooth, ndipo m'mphindi zoŵerengeka nchito yatha. Apa ndi pamene eni makina akale anapeza citonthozo. Perdix AI inagulitsidwa ikumvera mathanki aŵiri okha, koma m'caka ca 2021 malangizo atsopano anaipatsa mphamvu zomvera anai, Perdix 2 isanatuluke nkomwe. Masamu oŵerengera naitrojeni nawonso ndi amodzimodzi m'makina akale ndi atsopano. Cotero amene ali ndi Perdix AI yoyenda bwino sanatsalire pa nzeru. Cimene foni singamtumizire ndi galasi, titanium ndi kunjenjemera kuja. Zimenezo nzogula, ndipo mtengo wa Perdix 2 umaposa madola 1,000 a ku America, kacipangizo ka pa thanki kosaŵerengera.

Ubwino wa njira imeneyi umaoneka bwino pokumbukira zimene zinacitika kale. M'caka ca 2003, kampani ya Uwatec ya ku Switzerland inaitanitsa makompyuta pafupifupi 390 a mtundu wa Aladin Air X Nitrox opangidwa m'caka ca 1995, atapezeka kuti malangizo a m'kati mwake anali kulakwitsa poŵerengera kutuluka kwa naitrojeni m'thupi. Osambira ena anali atadwala kale. Makinawo anali kuoneka abwinobwino, galasi likuŵala, ziŵerengero zikuyenda, koma ziŵerengerozo zinali zonama, ndipo panapita zaka zisanu ndi ziŵiri ndi kuposerapo asanaitanitsidwe. Panalibe njira yowakonzera kunyumba. Lero colakwa cotere cikadziŵika, cikhoza kukonzedwa m'makina onse m'masiku oŵerengeka, malinga eni ake alumikize. Vuto latsopano ndi lakuti ena salumikiza, ndipo ena amalumikiza pa nthaŵi yolakwika.

Nthaŵi yolakwika ndi iti? Kompyuta siona m'magazi a munthu. Imangokumbukira kuya ndi nthaŵi za maulendo ake a m'madzi, nkumaŵerengera naitrojeni amene ayenera kuti watsala m'thupi, pakuti mpweyawu umatenga maola ambiri, nthaŵi zina kupitirira tsiku, kuti uthe. Buku la malangizo la opanga limacenjeza kuti kuika firmware yatsopano kumafafaniza cikumbukiro cimeneci. Taganizani za mmisiri amene watsika kaŵiri m'maŵa, ndiye popuma masana foni yamuuza kuti kwabwera malangizo atsopano, iye nkuvomera. Potsikanso madzulo, makina adzamuŵerengera ngati munthu amene sanaloŵe m'madzi sabata lonse, ndipo adzampatsa nthaŵi yaitali kuposa imene thupi lake lingapirire. Amisiri odziŵa amakonza makina awo kunyumba, masiku angapo ulendo usanayambe, ndipo amayang'ananso cirinconse cimene anachera kale. Pa cifukwa comweco, anthu aŵiri sabwerekana kompyuta imodzi tsiku limodzi.

Madzi a kuno kwathu

Zambia iribe nyanja ya mcere, koma anthu amatsika ndi mathanki m'madzi ake. Ku nyanja ya Tanganyika, ca ku Mpulungu ndi ku Nsumbu, kuli ogwira tinsomba ta maŵanga togulitsa kunja ndiponso alendo odzaona tinsombato. Ku Kariba, amisiri a pansi pa madzi anagwira nawo nchito yokonza dzenje lakuya mamita pafupifupi 80 limene madzi otuluka pa zipata anakumba kunsi kwa damu. Kwa anthu otereŵa pali zinthu ziŵiri m'makinaŵa zofunika kuposa titanium.

Coyamba ndi mtundu wa madzi. Madzi a mcere ngolemera kuposa a m'nyanja za kuno ndi magawo atatu pa 100, ndipo popeza kompyuta imadziŵa kuya poyeza kulemera kwa madzi, iyenera kuuzidwa madzi amene irimo kuti mamita ake akhale oona.

Caciŵiri ncacikulu. Zikalata zambiri za ziŵerengero zinalembedwera anthu otulukira pa gombe la nyanja yaikulu, ndipo zimagwira nchito kufikira malo okwera mamita 300 okha. Nyanja ya Tanganyika iri pa mamita oposa 770, ndipo Kariba iri pa mamita pafupifupi 485. Kumalo okwera mpweya ngwopepuka, motero wotuluka m'madzi amakhala ngati botolo lotsegulidwa kwambiri, ndipo nthaŵi yake yokhala pansi iyenera kufupika. Bühlmann anailimbikira nkhani imeneyi cifukwa dziko lake ndi la nyanja za m'mapiri. Perdix 2 imayeza yokha kulemera kwa mpweya wa pamtunda nkusintha masamu ake. Ngakhale imatha kuyaka yokha ikamizidwa, opanga amalangiza kuti munthu aiyatse ndi dzanja asanaloŵe m'madzi ndi kuona kuti yaŵerenga bwino, pakuti kumalo okwera imacedwa kuzindikira kuti yamira.

Kukwera sikuthera pa gombe. Madokotala a za kusambira pansi pa madzi amalangiza kudikira maola osacepera 12 munthu asanakwere ndege ngati watsika kamodzi, ndi maola 18 ngati watsika kangapo. Galimoto nayo imakwera. Wocoka ku Siavonga kupita ku Lusaka amadutsa m'zitunda ndi kukafika pa mamita pafupifupi 1,280, kutanthauza kuti wakwera mamita ngati 800 m'maola atatu. Mmisiri amene watsika mozama tsiku limenelo amacita bwino kugona ku Siavonga komweko, nkunyamuka maŵa lake, ngakhale malipiro atalandira kale ndipo basi ya madzulo iri ndi malo.