Kuseka ndi thanzi la maganizo: zimene kumathandiza ndi pamene kumalekeza

Ngati mumakhala ku Block 8 mumzinda wa Gaborone, kutali ndi abale anu a ku Malawi kapena ku Chipata, n'kutheka kuti papita masiku ambiri musanaseke mpaka nthiti kuwawa. Mumalawirira kuntchito, n'kubwerako ndi kombi kutada, aliyense ali kale mumpanda wake. Ngakhale mutaphunzira Chitswana, nthabwala zake zimakudutsani: anzanu akamafa ndi phwete, inu mukadamasulira mawu mumtima. Nkhaniyi si yaing'ono monga imaonekera.

Munthu akaseka kwambiri, minofu ya pachifuwa ndi pamimba imagwira ntchito yolimba, mtima umathamanga, kenaka thupi lonse limamasuka. Mu 2011 Robin Dunbar wa ku yunivesite ya Oxford ndi anzake anafalitsa zotsatira za kafukufuku wosonyeza kuti anthu amene aseka limodzi amatha kupirira ululu kuposa mmene amapiririra asanaseke. Iwo anati chimachititsa zimenezi ndi ma endorphin, timadzi ta muubongo timene timachepetsa ululu. Kafukufuku wina wapeza kuti kuseka kumatsitsa cortisol, timadzi timene thupi limatulutsa munthu akapanikizika maganizo. Koma dziwani kuti kafukufuku wambiri wotere anachitidwa pa anthu ochepa komanso kwa nthawi yaifupi, choncho musakhulupirire aliyense wonena kuti kuseka kumachiza matenda a shuga kapena kuthamanga kwa magazi.

Mfundo yofunika koposa inachokera kwa katswiri wina wa ku America, Robert Provine. Iye anapeza kuti munthu amaseka kuwirikiza pafupifupi ka 30 akakhala ndi anzake kusiyana ndi pamene ali yekha, ndiponso kuti mawu ambiri amene amasekesa anthu si nthabwala n'komwe, ndi macheza wamba. Ndiye kuti phindu lalikulu la kuseka lili mwa anthu amene mukuseka nawowo. Makolo athu ankadziwa zimenezi. Pamaliro a Achewa, adzukulu amaloledwa kuchita nthabwala pakati pa chisoni, ndipo anamfedwa amapezako mpata wopuma. Asuweni amanyogodolana popanda mlandu. Ku Zambia, Angoni ndi Abemba amachitirana chimbuya ngakhale kumanda. Mwambo unaika anthu amene udindo wawo ndi kumuseketsa munthu pa tsiku limene sangathe kuseka yekha. Munthu akasamukira kudziko lina, anthu amenewa ndi amene amawasiya kumudzi.

Choncho kuonera masewero a Izeki ndi Jakobo pafoni muli nokha m'chipinda n'kwabwino ndithu, koma kuitana mnzanu kuti muonere limodzi n'kwabwino koposa. Imbirani foni msuweni wanu m'malo mongomutumizira uthenga pa WhatsApp. Mapemphero akatha, musathamangire kunyumba. Palinso magulu amene amakumana n'cholinga chongoseka, njira imene dokotala wa ku Mumbai, Madan Kataria, anayambitsa mu 1995. Ena imawathandiza, ena amaiona ngati yachibwana, ndipo palibe chokukakamizani.

Komabe si kuseka konse kumene kumasonyeza mtima wokhazikika. Mu Januwale 1962, pasukulu ya atsikana ya Kashasha pafupi ndi Bukoba ku Tanganyika, atsikana atatu anayamba kuseka osaleka. Vutoli linafalikira kwa ophunzira 95 mwa 159, ena akulira ndi kusowa mtendere, mpaka sukuluyo inatsekedwa. Akatswiri amati gwero lake linali kupanikizika maganizo, osati chimwemwe. Masiku anonso munthu wodwala matenda a maganizo angathe kukhala amene amaseketsa anzake onse kuntchito, n'kukalira akafika kunyumba.

Pa chifukwa chimenechi, kuseka muzikuona ngati chizindikiro choti muzichiyang'anira. Ngati kwa milungu iwiri kapena kuposerapo zinthu zimene zinkakusangalatsani sizikukusangalatsaninso, tulo sitikubwera kapena mukungogona, chakudya sichikukoma, mukudziona ngati wachabechabe, kapena mowa ndi umene ukukugonetsani, nthabwala sizingakwanire. Pitani kuchipatala. Bungwe la World Health Organization linanena mu 2022 kuti munthu mmodzi mwa anthu 8 alionse padziko lapansi ali ndi vuto la maganizo. Si ufiti, ndiponso si kufooka kwa chikhulupiriro.

Chithandizo chake chikusintha. Mu 2023 Nyumba ya Malamulo ya Botswana inavomereza lamulo latsopano la thanzi la maganizo m'malo mwa lakale la 1969, ndipo Malawi anachita chimodzimodzi mu 2025 pochotsa lamulo la atsamunda la 1948. Malamulo atsopanowa amateteza ufulu ndi ulemu wa wodwala. Ku Harare, dokotala Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench, pamene agogo ophunzitsidwa amakhala pabenchi pafupi ndi chipatala n'kumamvetsera mavuto a anthu ndi kuwathandiza kupeza njira. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2016 anasonyeza kuti njirayi imachepetsadi nkhawa ndi kukhumudwa, ndipo yayesedwanso ku Malawi.

Yambirani pachipatala chaching'ono cha m'dera lanu, monga cha ku Block 8, ndipo muuzeni namwino mosabisa kuti vuto lili m'maganizo, osangoti mutu ukupweteka. Iye angakutumizeni kuchipatala cha Princess Marina, kapena ku Sbrana ku Lobatse ngati pakufunika kugonekedwa. Mukabwerera kumudzi, kuli chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba ndi cha St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Ngati inuyo kapena mnzanu akuganiza zodzipha, musadikire milungu iwiri ija: pitani lero lomwe, ndipo wodwalayo asasiyidwe yekha panjira kapena pamzere wodikirira.