Mphunzitsi adaukitsa sewero la apolisi ndi makalata

Mu May 1983, akuluakulu a wailesi yakanema ya CBS ku America adalengeza kuti athetsa sewero la apolisi lotchedwa Cagney & Lacey. Ati anthu oonera seweroli adali ochepa kotero kuti silimabweretsa phindu.

Ochita zisudzo adauzidwa kuti ntchito yatha, aliyense akaone kwina. Zimaoneka kuti nkhani yathera pomwepo, monga zimathera ndi masewero ambirimbiri chaka ndi chaka m'dzikolo.

Komatu m'dera la Michigan, kutali ndi maofesi a CBS ku New York ndi Los Angeles, kudali mayi wina, mphunzitsi, yemwe nkhaniyi idamupweteka mtima ngati uthenga wa maliro. Dzina lake ndi Dorothy Swanson. Mayiyu sadali wazisudzo, sadali mtolankhani ndipo adalibe mbale wake aliyense kukanemako. Iye adangokonda amayi awiri omwe amatsogolera sewerolo, Sharon Gless ndi Tyne Daly, ndipo adakana kuvomereza kuti sadzawaonanso pakanema.

Chida chomwe adali nacho ndi cholembera, mapepala ndi masitampa basi.

Sewerolo lidaonetsedwa Malawi asadakhale ndi wailesi yakanema yakeyake, poti TVM idatsegulidwa mu 1999, n'chifukwa chake ambiri kuno sakulidziwa. Nkhani yake idali ya apolisi awiri achizimayi ofufuza milandu mumzinda wa New York.

Christine Cagney, yemwe Gless amasewera, adali wosakwatiwa, wolusa msanga komanso wofunitsitsa kukwezedwa paudindo. Bambo ake, a Charlie, adali wapolisi wopuma ntchito ndipo mwanayu amafuna kuwaposa.

Mary Beth Lacey, yemwe Daly amasewera, adali mayi wapabanja. Mwamuna wake Harvey amagwira ntchito yazomangamanga ndipo nthawi zina ntchito ikasowa ndiye amatsala pakhomo kusamalira ana awo aamuna awiri, Harvey wamng'ono ndi Michael. Mayiyu amathamangitsa zigawenga masana, madzulo n'kumakadandaula za ndalama zogulira chakudya ndi maphunziro a ana ngati mayi wina aliyense.

Poti muofesi mwawo mudadzaza amuna, awiriwa akafuna kukambirana zakukhosi amakalowa m'chipinda chodzithandizira cha amayi. M'menemo ndimo amakangana, kulira, kulangizana ndi kukhululukirana. Oonera ambiri amati zokambirana za m'kachipindako zimawagwira mtima kuposa kulira kwa mfuti.

Amayi ambiri ku America amadziona okha mwa awiriwa. Kufikira nthawiyo, wapolisi wamkazi pakanema kawirikawiri amakhala chiphadzuwa chongokongoletsa sewero, yemwe pamapeto amapulumutsidwa ndi mwamuna. Cagney ndi Lacey amapulumutsana okhaokha, ndipo amaoneka otopa akatopa.

Seweroli lidabadwa movutikira. Amayi awiri olemba zisudzo, Barbara Avedon ndi Barbara Corday, adalemba nkhaniyi cha m'ma 1974 kuti ikhale filimu, koma makampani ojambula mafilimu adaikana kwa zaka zambiri. Barney Rosenzweig, yemwe adali mkulu woyendetsa ntchitoyi, sadafooke mpaka CBS idavomera kuijambula.

Filimuyo idaonetsedwa mu October 1981 ndipo anthu adaionera mwaunyinji. Nthawiyo yemwe adasewera Cagney adali Loretta Swit. Pomwe CBS idati nkhaniyi isanduke sewero la sabata ndi sabata, Swit sadathe kupitiriza kaamba koti adali atamangidwa kale ndi mgwirizano wa sewero lina lotchuka la M*A*S*H.

Malo ake adatenga ndi Meg Foster mu March 1982, koma adangosewera magawo 6 okha n'kuchotsedwa. Mkulu wina wa CBS yemwe sadatchulidwe dzina adauza magazini ya TV Guide kuti amayi awiriwo amaoneka ouma mtima kwambiri komanso osaonetsa ukazi. Mawuwa adakwiyitsa amayi ambiri.

Apa mpomwe padabwera Sharon Gless. Iye ndi Daly adakhalitsana mwansanga, ndipo pofuna kupewa mkangano woti wamkulu ndani, maina awo amasinthana kuyamba kuoneka pakanema: sabata ino wina, sabata yamawa mnzake. Ngakhale zidali choncho, chiwerengero cha oonera sichidakwere monga mabwana amafunira.

Ku America wailesi zakanema ngati CBS zimadalira ndalama za otsatsa malonda. Kampani ya Nielsen imasankha mabanja owerengeka m'dziko lonselo n'kumalemba zomwe akuonera. Zotsatira zake ndizo zimanena mtengo womwe wotsatsa malonda alipire. Sewero likakhala pansi pamndandanda wa Nielsen, ngakhale likhale labwino chotani, limaona msana wanjira.

Apatu ndipo padagona dandaulo la Swanson. Banja lomwe silidasankhidwe ndi Nielsen lilibe mawu. Munthu atha kukonda sewero ndi mtima wake wonse, osaphonya gawo ndi limodzi lomwe, koma kwa mabwana a kanema iye kulibe.

Rosenzweig naye sadakhale chete. Iye adasonkhanitsa makalata omwe anthu okonda sewerolo adamulembera ndipo adawayankha, kuwapempha kuti asangodandaulira iye, koma alembere CBS komanso nyuzipepala zikuluzikulu monga New York Times ndi Los Angeles Times. Nzeru yake idali yoti bwana wakanema atha kutaya kalata osaiwerenga, koma nyuzipepala ya m'mawa salephera kuitsegula.

Swanson adaugwira mtima uthengawu. Adayamba kulemba makalata motsatizana, uku akukopa abale, anzake ndi aliyense womudziwa kuti nawo alembe. Kumbukirani kuti nthawiyo kudalibe Facebook kapena WhatsApp. Kalata iliyonse imafuna munthu akhale pansi, alembe, agule sitampa n'kupita kupositi ofesi.

Mutu umodzi susenza denga. M'madera ena a dzikolo mudalinso anthu omwe amachita chimodzimodzi osadziwana, ndipo bungwe lomenyera ufulu wa amayi la National Organization for Women lidalimbikitsa mamembala ake kulowerera. Makalata zikwizikwi adakhamukira ku CBS ndi kunyuzipepala.

Zinthu zina ziwiri zidathandizira. Choyamba, m'miyezi ya pakati pa chaka, pomwe CBS imabwereza magawo akale pongofuna kutseka mpata, anthu omwe adamva phokosolo adafuna kudzionera okha, ndipo chiwerengero cha oonera chidakwera kwambiri. Chachiwiri, mu September 1983 Daly adapata mphoto ya Emmy, yomwe ndi yapamwamba pa nkhani za kanema ku America, monga wamkazi wosewera bwino koposa. CBS idapezeka kuti yataya sewero lomwe langowina kumene mphoto.

Mabwanawo adagonja. Adaitanitsanso ochita zisudzo onse n'kukambirana nawo mgwirizano watsopano, ndipo mu March 1984 Cagney & Lacey idabwereranso ndi magawo 7. Ulendo uno idalowa m'gulu la masewero 10 oonedwa kwambiri m'dzikolo.

Zomwe zidatsatira zidaonetsa kuti Swanson ndi anzake sadalakwitse. Kwa zaka 6 zotsatizana, kuyambira 1983 mpaka 1988, mphoto ya Emmy ija siidachoke m'manja mwa amayi awiriwa. Daly adaitenga kanayi, mu 1983, 1984, 1985 ndi 1988, pomwe Gless adaitenga mu 1986 ndi 1987. Sewero lenilenilo lidasankhidwa kukhala lopambana mu 1985 ndi 1986. Naye John Karlen, yemwe amasewera Harvey, adalandira yake mu 1986.

Chikhala kuti sewerolo lidaferatu mu 1983, nkhani zomwe anthu amalikumbukira nazo lero sizikadajambulidwa. Mu 1985 Lacey adapezeka ndi khansa ya m'mawere, ndipo oonera adamuona akuzengereza kupita kuchipatala chifukwa cha mantha, kenaka n'kukafunsa maganizo a dokotala wachiwiri asadavomere opaleshoni. Chaka chomwecho padali gawo lokhudza chipatala chochotsera pathupi, lomwe lidautsa mkangano waukulu m'dzikolo.

Daly atakhala woyembekezera m'moyo weniweni, olemba sadamubise kuseri kwa tebulo. Adalemba kuti naye Lacey ndi woyembekezera, ndipo m'sewerolo mudabadwa mwana wamkazi, Alice.

Mu 1987 a Charlie adamwalira ndi mowa, ndipo mwana wawo Cagney, yemwe kwa zaka zambiri amaoneka ngati wongomwa mosangalala, adagwa muuchidakwa weniweni. Yemwe adamupeza ali thapsa n'kumuuza chilungamo adali Lacey. Chaka chotsatira olemba adaonetsa Cagney, wapolisi wodziwa malamulo, atagwiriridwa ndi mwamuna yemwe amamudziwa, n'kumavutika kuti anthu amukhulupirire.

Nkhani ya mowayo siidathere pakanema. Gless mwini wake adadzaulula kuti naye adali ndi vuto lomwelo, ndipo sewerolo litatha adapita kumalo othandiza anthu kusiya mowa. Izi adazifotokoza poyera m'buku la mbiri ya moyo wake lomwe lidatuluka mu 2021.

Sewerolo lidatha mu May 1988 litakwanitsa magawo 125, ndipo lidatchukanso kwambiri ku Britain komwe limaonetsedwa pa BBC. Pakati pa 1994 ndi 1996 amayi awiriwa adakumananso m'mafilimu anayi opitiriza nkhani yomweyo. Rosenzweig ndi Gless adakwatirana mu 1991.

Nanga mphunzitsi uja? Iye sadabwerere kukangokhala phee pampando. Ataona kuti kalata ya munthu wamba itha kutembenuza chigamulo cha kampani yaikulu, mu 1984 adagwirizana ndi mayi wina wa ku Texas, Donna Deen, yemwe naye amamenyera sewero la zachipatala la St. Elsewhere. Awiriwa adayambitsa bungwe la Viewers for Quality Television, kutanthauza oonera ofuna kanema wabwino.

Bungweli limatulutsa kalata yankhani, limafunsa mamembala ake masewero omwe akuwaona kuti ndi aphindu ndipo chaka chilichonse limapereka mphoto zakezake. Akatswiri a zisudzo omwe Swanson amangowaonera pakanema kunyumba kwake adayamba kubwera kumisonkhano ya bungwelo kudzalandira mphoto m'manja mwa anthu wamba.

Pomwe CBS idaimitsa sewero lanthabwala la Designing Women kumapeto kwa 1986, bungweli lidali patsogolo kukusa makalata ndipo sewerolo lidabwerera n'kukhala mpaka 1993.

Sikuti nkhondo zonse adapambana. Masewero ena omwe adawamenyera adathetsedwabe. Ena amawanena kuti kagulu ka anthu ochepa kalibe ufulu wouza dziko lonse chomwe chili chabwino. Nawo mabwana a kanema adazolowera makalata otere ndipo adasiya kuchita nawo mantha. Intaneti itafala, anthu adayamba kudzikonzera okha makampeni popanda bungwe, ndalama zidachepa, ndipo cha m'ma 2000 bungwelo lidatsekedwa. Swanson adalemba buku la mbiri yake lomwe lidasindikizidwa mu 2000.

Mu 2018 CBS idayesa kuukitsa Cagney & Lacey ndi ochita zisudzo atsopano, Sarah Drew ndi Michelle Hurd. Gawo loyesera lidajambulidwa koma mabwana sadalivomereze, ndipo silidaonetsedwe. Ulendo uno padalibe chikhamu cholemba makalata. Zidaoneka kuti chomwe Swanson ndi anzake amamenyera mu 1983 adali Gless ndi Daly eniakewo, amayi awiri omwe amawadikira Lolemba lililonse usiku.