Mwala Uliwonse ndi Nchito Yace

Lero tikambe za miyala imene anthu amayala pamwamba pa matebulo a m'khichini, pakhonde ndi m'tinjira ta pabwalo. Makolo athu posankha mphero sanali kutola mwala uliwonse ai. Anali kufuna wolimba, wosanyenyeka, kuti mcenga ungalowe mu ufa. Nzeru yomweyo ifunika lero, pakuti mwala wa mtengo wapatali uonongeka msanga ngati taupatsa nchito imene siili yace.

Mwala woyamba ndiwo granite. Umenewu unapangika pansi pa dziko pamene thanthwe losungunuka linazizira pang'onopang'ono, ndipo mkati mwace muli timiyala tonyezimira tochedwa quartz. Pa muyeso wa kulimba kwa miyala, umene Friedrich Mohs anakonza m'caka ca 1812, woyambira pa 1 kulekeza pa 10, quartz ali pa 7, kuposa mpeni wamba. Cifukwa cace granite sakandika msanga, ndipo madzi a mandimu samudya. Ndiye woyenera pa tebulo lokonzerapo cakudya. Malinga a Great Zimbabwe anamangidwa ndi granite popanda simenti, ndipo ali ciimire kufikira lero.

Waciwiri ndiwo marble. Poyamba unali mwala wa laimu, koma kutentha ndi kulemera kwa nthaka kunausanduliza. Marble woyera wa ku Carrara, m'dziko la Italy, ndiye amene Michelangelo anasemera fano la David, nalitsiriza m'caka ca 1504. Koma cimene cikondweretsa wosema cidandaulitsa wophika: marble ndi wofewa, ali pafupi ndi 3 pa muyeso uja, ndipo dontho la ndimu kapena viniga lisiya banga limene sopo sangacotse.

Tsono tituluke pabwalo. Kumeneko kufunika mwala wogwira phazi, cifukwa mwala wopukutidwa bii uterera mvula ikagwa, ndipo nkhalamba ikhoza kuthyokapo mwendo. Sileti, yemwe uja ana anali kulembapo kusukulu, anali matope kalekale. Amang'ambika m'zipande zaphanthiphanthi zoyalika bwino. Sandstone ndi mcenga umene unagwirana. Ndi wokhakhala, koma amamwa madzi ndi mafuta, motero m'khichini sayenera.

Miyala yina yochuka icokera kwathu kuno. Ku Mutoko, m'dziko la Zimbabwe, amakumba mwala wakuda umene amalonda amaucha granite wakuda. Nyumba ya mabuku ya ku Copenhagen, m'dziko la Denmark, yotsegulidwa m'caka ca 1999, inakutidwa ndi mwala wakuda wa ku Zimbabwe. Koma anthu a ku Mutoko akhala akudandaula kuti kuphulitsa matanthwe kung'amba zipupa za nyumba zao, ndi kuti phindu lalikuru lipita kwina. Palinso ngozi kwa amisiri: pfumbi la miyala ya quartz likalowa m'mapapo lidzetsa nthenda yosacizika yochedwa silicosis. Cifukwa cace mwala uyenera kudulidwa madzi alikuthiridwa, ndipo wodula abvale cotseka pamphuno coyenera.

Potsiriza, nayi njira yoyesera musanalipire. Pemphani wogulitsa kacidutswa ka mwalawo. Donthezanipo madzi a ndimu mbali yina, mafuta ophikira mbali yina, ndipo mukasiye usiku wonse. M'mawa mupukute. Pakatsala banga, dziwani kuti tebulo lanu lidzatero nalonso, ndipo ndalama zanu zikadali m'thumba.

Tsalani bwino nonse.